Dzina Loitanira Nyimbo ya Ubatizo

Bambo a mwana wanga asanapite ku Joni ndiwo ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Bangwe. Ntchito yawo yodyera inali yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, koma akaweruka ankasamba m'manja ndi sopo wochapira, n'kukhala pampando wapulasitiki ndi laputopu yakale yomwe batire lake linafa kalekale, n'kuyamba kulemba nyimbo. Masiku oyamba ine ndinkayesa akulemba makalata, chifukwa pagalasipo pankangooneka zilembo, manambala ndi tizizindikiro tokhotakhota. Koma akadina batani lina kunkatuluka tsamba la mizere isanuisanu, timadontho takuda ta michira titakhala pamizerepo ngati mapegi pachingwe choyanikira zovala. Tsamba limenelo ndi lomwe ankakapulinta n'kupatsa woimba kiyibodi ndi otsogolera mawu.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni, ndipo timadonthoto sinditha kuwerenga mpaka lero. Ndimaimba alito ndi khutu basi. Koma ndinkaima kumbuyo kwawo ndikupukuta mbale, ndikuona, ndipo iwo ndi munthu wokonda kufotokoza ngakhale usanafunse. Ankati chidutswa chilichonse cha nyimbo amachisunga pa dzina. Za asopurano pa dzina lake, za alito pa dzina lake, kolasi pa dzina lake. Akafika polumikiza nyimbo yonse sankalembanso zonsezo kachiwiri ayi, ankangoitana mayina aja, kompyuta n'kupita kukatenga zomwe zinasungidwa pamenepo. Mayinawo ankawapeka okha, ena oseketsa. Besi ya nyimbo ina ya Khirisimasi anaitcha galaja, ati chifukwa azibambo a besi akayamba kuimba zinkamveka ngati galimoto yokana kulira m'mawa.

Ndili ndi mimba yoyamba anapeka kanyimbo kopanda mawu. Kanali kafupi, kokwera pang'onopang'ono kenako n'kutsika ngati munthu wokhala pansi mosamala. Ankakang'ung'uza pafupi ndi mimba yanga, ine ndikuwakankha kuti choka apa, ndevu zikubaya. Tinasankhanso dzina, la mtsikana, awiriwiri, mwana asanabadwe. Tinkadziwa kuti mwambo sulola, koma tinali ana, tinkati zimenezo ndi za kumudzi. Kanyimbo kaja anakasunga m'laputopu pa dzina lomwelo.

Tsiku lina apongozi anga, amayi awo, omwe amagulitsa kaunjika ku Limbe, anabwera kudzationa n'kupeza mwana wawo atagwada, akuimbira mimba, akuitchula dzina. Anaika chikwama pansi.

"Iwe, wam'mimba satchulidwa. Ukuthamangira kuti?"

Bambo a mwana anangoseka. Ine sindinaseke.

Mwanayo anabadwadi wamkazi, ndipo anatisiya mchombo usanagwe. Khanda lotero kwathu kuno sililiridwa maliro. Sakhoma bokosi, kwaya sibwera, azibambo sapita. Amayi achikulire a m'dera mwathu pamodzi ndi apongozi anamukulunga m'chitenje n'kupita naye m'mawa, ine anandisiya pamphasa ndi mawu akuti usalire, ukalira utseka mimba. Atabwerako apongozi anasamba m'manja pakhomo n'kunena, osakweza mawu, kuti dzina lija lisadzamvekenso m'nyumba muno, chifukwa wobwera pambuyo akadzalimva adzalondola mnzake. Kuyambira pamenepo ine ndi bambo a mwana sitinalitchulenso, ngakhale tili awiri. Kanyimbo kaja nakonso kanatha.

Wachiwiri anabadwa wamwamuna, wonenepa, wolira mokweza. Dzina anamupatsa ndi amalume awo a bambo ake mchombo utagwa, monga mmene zimayenera kukhalira. Adakali wamng'ono choncho ntchito yowotcherera inavuta chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, bambo ake n'kukwera basi ya ku Joni, apongozi n'kusamukira kwathu kuti azindithandiza. Anthu ankati ndine mayi wofatsa. Sankadziwa kuti sikunali kufatsa, ndinkamvetsera. Mwana akagona ndinkaika chala pansi pa mphuno yake, ndikatero ndiyang'ane liwombo ngati likugunda, ndikatero chifuwa, ndituluke kukachapa, thewera limodzi lisanayere ndalowanso. Kusikelo anamwino ankati mwanayu ali bwino mayi, akukwera, koma ine ndinkayang'ana nkhope zawo kuti ndione ngati akubisa zina.

Atalengeza kutchalitchi za ubatizo wa ana ndinawauza bambo a mwana pafoni, ndipo mawa lake ananditumizira voisi yaitali, ija yojambula mawu pafoni. Ndinakaimvera kumpopi, kutali ndi apongozi, foni nditaikanikiza kukhutu.

"Mayi a mwana, umvetsere bwino. Nyimbo ya ubatizo ndinalemba kale ndisanachoke, ili m'laputopumo. Mawu alimo, alito ilimo, tena, besi, zonse. Koma mzere wa asopurano ndinausiya. Pali malo pomwe kompyuta ikufuna dzina kuti ikatenge nyimbo yake, ine sindinalembepo. Alito, tena ndi besi ndinazimanga pansi pa kanyimbo kaja. Ukukadziwa. Ndimafuna mnyamatayu abatizidwe ndi nyimbo ya mlongo wake, koma sindikanalemba dzinalo iwe usakudziwa. Ukaona kuti sungathe usiye, aimbe ya m'buku, ine sindidandaula. Ukafuna, pita kwa asisi opulinta aja, akakusonyeza polemba."

Ndinaimvera mpaka mayi wina anandikodola kuti ndowa yasefukira.

Lamulungu tikutuluka, akwayamasita omwe analowa m'malo mwa bambo a mwana anandipeza pakhomo la tchalitchi.

"Alamu, akuti kuli nyimbo yochokera ku Joni? Pepala lifike Lachinayi pa pulakitisi tiiphunzire. Likapanda kufika tiimba ya m'buku, palibe mlandu, ana abatizidwabe."

Nyimboyo ndinkaifuna, ndisaname. Woyamba uja palibe anamuimbira, ngakhale vesi limodzi. Koma ndinkaona m'maganizo dzina lija litalembedwa pamwamba pa pepala, kwaya yonse ikuliwerenga, mayi wina wa sopurano wosasunga pakamwa akufunsa mokweza kuti ameneyu ndiye ndani, apongozi akumva, mwana wanga ali pomwepo m'manja mwanga akumva. Ndinkati basi ya m'buku, ndikuchapa. Ndikuyanika ndinkati koma ndingopita ndikaone polembapo, kuona kokha sikupha munthu.

Lachitatu apongozi atapita ku Limbe ndinakulunga laputopu m'chitenje, ndinaiika m'chikwama cha kumsika pamodzi ndi tchaja yake, mwana kumbuyo. Panjira ndinkaigwira ndi manja awiri ngati mazira. Sindinali nditaitsegulapo ndekha, ndinkaopa kuti ndidina polakwika, ntchito yonse ya bambo a mwana n'kufufutika.

Asisi opulintawo ali ndi kontena pafupi ndi siteji ya minibasi. Amapanga fotokope, makalata ofunsira ntchito, makhadi a ukwati. Ndi Msilamu, amavala mpango wophimba mpaka m'khosi, ndipo pakamwa pawo sipauma. Atandiona ndi chikwamacho anazindikira.

"Eee, akazi awo a bambo a manotsi. Aja anandiphunzitsa nyimbo za kutchalitchi ine Msilamu, n'kuthawira ku Joni? Lowani achemwali, magetsi alipo lero, tisawachedwetse."

Analumikiza tchaja, anatsegula, anapeza nyimboyo osavutika chifukwa mapepala onse a kwaya ankapulintidwa pomwepo. Anadina batani lija. Tsamba linatuluka, mizere ya pansi yodzaza timadontho, koma mzere wapamwamba mbee, mawu a nyimbo atangolendewera pansi pake opanda chowagwira. Kumunsi kwa galasi kunabwera zolemba zofiira.

"Mwaona? Ikudandaula." Analoza ndi cholembera pa mzere wina wa zilembo. Panali liwu lalitali lachingerezi, kenako timizere tiwiri ting'onoting'ono, pakati pake popanda kanthu. "Apa aiuza kuti pita ukaone chomwe chinasungidwa pa dzina lakuti, ubwere nacho, uike pamzere wapamwamba. Koma lakutilo sanalembe. Ndiye yapita, yaima, yabwerako chimanjamanja. Dzina lake ndi chiyani?"

Ndinatchula la mnyamata wanga. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkati nyimboyo ndi ya ubatizo wake, kompyuta imvetsa, indikhululukira. Asisi analemba msangamsanga, anadina, zofiira zija n'kubweranso.

"Ikuti pa dzina limeneli palibe chomwe chinasungidwa."

Ndinamasula chitenje pomwepo, ndinamutembenuzira mwana kutsogolo, chala pamphuno, dzanja pachifuwa. Iye anangondiyang'ana, malovu chuchuchu.

"Achemwali, mwatani? Mwana wanu sali m'kompyuta, ali apa akudya kolala ya bulauzi yanu. Ichi ndi chitsulo, chimangodziwa zomwe anachiuza amuna anu. Dikirani nditsegule komwe amasungako, tione mayina onse, tisankhe loyenera."

Ndinawagwira dzanja asanadine. Sindinagwirepo munthu wachilendo choncho. Anandiyang'ana, ine n'kuwauza, mwachidule, maso ali pa makina a fotokope: kuti kunali wina uyu asanabwere, kuti sanakhalitse, kuti nyimboyo ndi yake ndipo inasungidwa pa dzina lake, kuti dzinalo apongozi analetsa. Anachotsa dzanja pa laputopu n'kuliika pamwendo.

"Kwathunso satchula," anatero. "Pepani."

Panadutsa minibasi, kondakitala akukuwa za ku Limbe. Ndinaloza timizere tija.

"Asisi, likalembedwa apo, lituluka papepala?"

"Ayi."

"Nanga lipita kuti?"

"Silipita kulikonse, likhala momwemo. Taonani, mukapita kuchigayo anthu atachuluka, si mumalemba dzina pathumba? Akagaya amaitana dzina, mumanyamula ufa wanu. Ndiye kunyumba anthu amadya dzina? Dzina limatsala pathumba. Papepala pabwera timadontho tokhatokha."

"Mukutsimikiza?"

"Pepala la Khirisimasi lija munaliona, si choncho? Munaonapo polembedwa galaja? Azibambo a besi akanawathamangitsa amuna anu mpaka ku Machinjiri."

Ndinaseka pang'ono, mosafuna. Zinali zoona, pepala limenelo ndinaligwira ndi manja angawa, galaja panalibe.

"Ndiye nong'onezani ndilembe," anatero.

Ndinatsegula pakamwa, silinatuluke. Ndinasendera pafupi ndi laputopu.

"Ndilemba ndekha."

Anatembenuzira laputopu kwa ine, anaika kamzere kophethira kaja pakati pa timizere tiwiri, anandisonyeza batani loti ndidine ndikamaliza. Nthawi yomweyo kunabwera bambo wina wa taye ndi envulopu ya masatifiketi, asisi n'kundipatsa msana, kuyamba kukangana naye kuti mapepala ake ndi opindika akola m'makina. Ndikudziwa kuti anachita dala kuchedwa naye.

Ndinamubweza mwana kumbuyo, ndinamanga chitenje kolimba, kuti asaone, ngati khanda limawerenga. Zilembo za pa laputopu sizili m'ndondomeko ya kusukulu, zinangomwazika, ndiye chilichonse ndinkachisaka ndi chala chimodzi, ndikachipeza ndidine, ndiyang'ane pagalasi ngati chabwera. Vuto langa ndi lakuti sinditha kuwerenga milomo osagwedera, kusukulu tinkawerenga mokuwa tonse pamodzi. Ndiye ndinaluma mlomo wam'munsi, ndinauluma ndithu, kuti ngakhale chilembo chimodzi chisapulumuke. Nditamaliza dzinalo linali apo, lathunthu, lakuda pa zoyera. Ndinali ndisanalionepo litalembedwa. Ndinaliyang'ana, linali lalifupi kuposa mmene linkalemerera.

Ndinadina.

Zofiira sizinabwere. Tsamba linatuluka mzere wapamwamba utadzaza, timadontho tikukwera pang'onopang'ono kenako tikutsika, mawu aja atapeza powagwira. Ndinayang'ana pamwamba, m'mbali, pansi pomwe pamakhala tizilembo ting'onoting'ono. Ndinapempha asisi apulinte limodzi kaye. Ndinatuluka nalo pakhomo la kontena, ndinaliyang'ana padzuwa, kutsogolo, kumbuyo, ndinatsata mzere uliwonse ndi chala ngakhale sindiwerenga manotsi. Pamwamba panangolembedwa kuti Nyimbo ya Ubatizo. Dzina panalibe.

"Mukufuna muimve?" anandifunsa nditalowa. "Imatha kuimba yokha."

Ndinavomera ndi mutu. Laputopu inayamba kulira ngati kiyibodi yaing'ono ya ana, mawu owonda, osapuma. Kanali kanyimbo komwe kaja, palibe chinasintha, kungoti tsopano pansi pake panali alito, panali tena, panali besi, zikukanyamula. Ndinagwira kauntala ndi dzanja limodzi, linalo ndinalipititsa kumbuyo n'kugwira phazi la mwana. Linali lofunda, likusewera. Sindinalire, ndinali nditazolowera kusalira. Bambo wa taye uja anaima ndi mapepala ake m'manja mpaka inatha, n'kufunsa kuti ndi ya mpingo uti imeneyi. Asisi anamuyankha kuti ndi ya kasitomala, atenge masatifiketi ake azipita akachedwa ku intavyu.

Anapulinta okwanira kwaya yonse. Asanatseke laputopu anafunsa, maso ali kumbali:

"Ndifufute? Mapepala atuluka kale, silikufunikanso."

Ndinaganiza. Ndinaganiza za bambo a mwana akadzabwera n'kutsegula, n'kupeza pakati pa timizere tija palibe kanthu ngati mmene anasiyira.

"Lisiyeni."

Anatseka chivundikiro osayang'ana pagalasi.

Mapepala ndinakapereka Lachinayi, koma pa pulakitisi sindinakhale, ndinati mwana akuvuta. Sankavuta. Ndinkafuna ndikhale naye ndekha ndimuone. Masiku otsalawo ndinamuyang'anira kuposa kale, ndinkamugwira pamphumi mpaka apongozi anati umuchotsa khungu mwanayo. Anayamwa, anagona, anayetsemula kamodzi ine n'kudzambatuka, kenako anayamwanso.

Lamulungu la ubatizo tinakhala kutsogolo, amayi a ana tonse mumzere umodzi, apongozi pambali panga atavala chitenje chatsopano, chikwama pamiyendo. Abusa ataitana kwaya, woimba kiyibodi anapereka liwu, asopurano n'kuyamba. Apo m'pamene ndinakumbukira chinthu chomwe sindinachiganizire sabata yonseyo. Ndinasamala pepala, ndinasamala pakamwa, koma apongozi nyimboyo anaimvapo, tsiku lomwe anapeza mwana wawo atagwada.

Sindinatembenuze mutu, ndinkawaonera m'mbali mwa diso. Chala chawo chinkasewera ndi zipi ya chikwama, ndiye chinaima. Chinaima mpaka kolasi, mpaka vesi lachiwiri, mpaka kumapeto. Sanandiyang'ane. Abusa atathira madzi, mnyamata wanga analira kuposa ana onse, anthu n'kuseka, mkulu wa mpingo wina n'kunena kuti ameneyu ndi wa besi ngati anzawo a bambo ake.

Pobwerera apongozi anati abereke ndiwo. Tinatsika njira ya miyala ija, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama chawo, anthu akutipatsa mafuno abwino, iwo akuyankha bwinobwino. Titapitirira pogulitsa makala, pomwe njira imakhala yopanda anthu, anayankhula osatembenuka.

"Nyimbo ija ndikuidziwa."

Ndinasinthira chikwama kudzanja lina.

"Pali analitchula?"

"Ayi, amayi. Silinatuluke pakamwa pa munthu."

"Papepala?"

"Palibe. Ndinayang'ana konsekonse."

Anayenda pang'ono, anamukweza mwana ndi chigongono, anakonza chitenje.

"Asopurano akuthamanga nayo. Mwana wanga sankaimba choncho, ankaikoka."

"Ndikawauza akwayamasita."

"Ukawauze."

Tinafika pampanda wa aneba, ine ndikuyesa nkhani yatha. Anaima, akuyang'ana kuphiri.

"Tsiku lija woyamba uja ndinamunyamula ndine, kuchoka pakhomo mpaka kufika. Anzanga ankati tilandizane, ndinakana. Malowo ndimawadziwa, pali mtengo wa mkuyu pafupi. Iwe sunaonepo. Ukafuna ndikakusonyeza, koma uyu sapita nawo, timusiya kwa aneba."

Tinapita Loweruka lotsatira, m'mawa dzuwa lisanatenthe, titanyamula kakhasu kakang'ono. Mwana tinamusiya kwa aneba ndi botolo la phala ndi matewera awiri. Kanali koyamba chibadwire chake kumusiya m'manja mwa munthu wina, ndipo ndinatembenuka kamodzi kokha, pa kona, apongozi n'kunena kuti tiye, akusewera.